Belu la kamera lolumikiza ndi waya, ndiliike bwanji pageti?

Amake_Tiya

Muli bwanji nonse muno. Ndikupempha nzeru kwa amene munaikapo kale timabelu ta kamera tija toti munthu akadina foni imalira ndipo umamuona nkulankhula naye. Mng'ono wanga wa ku Manchester wanditumizira la Ring, lija lopanda batire, alemba Video Doorbell Wired. Nkhani yake ndi amayi, tinakawatenga kumudzi ku Katete chifukwa cha miyendo, ndiye masana amatsala ndi mtsikana wantchito ine ndi atate ake a Tiya tili kuntchito, mtsikana akangopita kumsika anthu amagogoda geti ndi mwala mpaka kutopa, amayi sangafike kugeti komanso sitifuna azitsegulira aliyense wobwera ndi odi.

Manje vuto ndi ili. Mavidiyo onse a pa YouTube akuonetsa munthu akumasula belu lakale pakhomo, mawaya awiri ali kale pakhoma, wangomanga masikuluwu, basi zatha. Kwathu kuno ku Chilenje South mu Lusaka kulibe belu lakale, kulibe waya uliwonse, ndipo pakhomo la nyumba palibe mlendo amafikapo asanadutse pageti, ndiye kuliika pakhomo ndiye kuti lizingojambula mphaka ndi zochapa. Geti lili mamita ngati 25 kuchoka pabalaza pomwe pali rauta, mpanda ndi wa mabuloko, geti ndi lachitsulo lokankha cham'mbali. Pabokosi alemba kuti limafuna AC yosapitirira 24V koma mkatimo mulibe transifoma, muli belu chabe, masikuluwu, kawaya kakafupi ndi kasikuludiraiva.

Pachipilala cha geti pali laiti kale, kodi sindingatenge magetsi pomwepo? Ngati ayi ndigule chani ndipo kuti? WiFi ifika kumeneko? Nanga malaiti akapita lizigwira? Ndamvanso ati pamakhala zolipira mwezi ndi mwezi, zoona? Pepani mafunso achuluka, sindifuna kuitana munthu ndisakudziwa chomwe ndikufuna, amatidyera ndalama ife azimayi tikaoneka kuti sitikudziwa kanthu kkkk

Wamagetsi_Matero

Amayi, choyamba: pa laiti ya pageti MUSAGWIREPO. Apo pali 230V, belu lanu limafuna 24V kutsika m'munsi. Mukalumikiza mwachindunji mungomva phwa ndi kafungo ka pulasitiki, mphatso ya ang'ono anu yathera pompo. Komanso batani lomwe ana amadina ndi zala zonyowa nthawi ya mvula silifunika kuyandikana ndi 230V, izi sizoseweretsa.

Chofunika ndi transifoma ya belu, yolowa 230V nkutulutsa AC yochepa. Ine ndimakonda zija zokhala pa kanjanji ka mu DB, bokosi lija logawa magetsi m'nyumba, pambali pa ma breaker, zambiri zili ndi potulukira patatu, 8V, 12V ndi 24V, inu mutenge pa 24V. Muonenso nambala ya VA pambali pake, ndiyo imasonyeza mphamvu ya transifoma. Mabelu ambiri a kamera amafuna pakati pa 16 ndi 24V, VA kuyambira 10 mpaka 40, ndiye timatransifoma tating'ono ta mabelu akale a ding dong timaoneka ngati tikugwira masana koma usiku kamera ikayatsa infrared, kuwala kwake koonera mumdima, belu limayamba kuzima nkudziyatsa lokha. M'mashopu a zamagetsi ku Kamwala kapena mutauni cha ku Freedom Way ndi Chachacha munene kuti bell transformer, mukangoti "ka transifoma ka kamera" adzakupatsani adaputa ya 12V DC ya ma CCTV, si chinthu chimodzi ayi. Ngati mukufuna ang'ono anu omwewo atumize palibe vuto, ya ku UK kapena ku South Africa ndi 230V 50Hz ngati kwathu, koma ya ku America ayi, kumeneko ndi 120V, ikangolowa pa magetsi athu imapsa. A Ring alinso ndi adaputa yawo ya 24V DC yongobaya pa soketi, ya ku UK pulagi yake ndi ya mano atatu yomweyi timagwiritsa kuno, koma waya wake ndi wa mamita ochepa chabe, kugeti kwanu sufika.

Tsono waya. Apa ndi pomwe anthu amaluzira ndalama. Mamita 25 kupita ndiye kuti 50, chifukwa magetsi amapita nkubwerera. Kawaya kopyapyala ka alamu kamadya volteji panjira, zili ngati madzi a mutanki odutsa kapaipi kakang'ono, kumpopi wa kumapeto amangodontha. Gulani wa mawaya awiri, 1.0mm kapena 1.5mm, wa kopa weniweni. Mushopu momwemo pemphani kachidutswa, musende, mupale kachingwe kamodzi ndi mpeni kapena kiyi. Kakakhala kofiira mpaka mkati ndi kopa, kakayera mkati ndi aluminiyamu wopaka kopa pamwamba, musiyeni ngakhale atchipe bwanji, amathyoka msanga ndipo pachinyezi amafumbwa.

Osakwirira waya wosavala. Kumbani ngalande yozama ngati theka la mita, muike paipi ya kondyuti ya 20mm, polumikizira ponse glue, ndiyeno waya alowe mkati ali wathunthu wopanda joini pansi pa dothi. Waya wongokwirira amadulidwa ndi khasu tsiku lomwe mnyamata wa pagadeni aganiza zobzala maluwa, ndipo makoswe nawonso sachita ulesi. Paipi imeneyi ikhale yakeyake, osalowetsa mupaipi momwe mukudutsa waya wa laiti ya pageti. Ngati pali ma paving, amazula mzere umodzi nkubwezeretsa, si ntchito yoopsa.

Pachipilala waya akwere mbali ya mkati mwa yadi, kenako abowole chipilala ndi drill kuti atulukire kumbuyo kwa belu ndendende, kunja kusaoneke waya olo sentimita imodzi. Kutalika kwake mita 1.2 kuchoka pansi, anthu amaganiza kuti nkotsika koma kamera yake imaona motambalala, mukakweza muziona mitu ndi denga la aneba. Osaliika pageti penipeni, chitsulo chimagwedera, chimatentha, ndipo chimatseka WiFi.

Musanamange belu, wamagetsi wanu ayeze ndi multimeter kumapeto kwa waya uko kugeti, osati pa DB. Akapeza 24V kapena pafupi pomwepo, azimitse breaker, amange mawaya awiri pa masikuluwu awiri a kumbuyo, uliwonse pena paliponse chifukwa AC ilibe plus ndi minus. Kawaya kakafupi munakapeza m'bokosi ndi ka anthu omwe ali ndi belu lakale mkati mwa nyumba, inu kasungeni chabe. Silikoni pamwamba ndi m'mbali, pansi musiye kuti chinyezi chizituluka. Kasikuludiraiva kaja musakataye, sikuluwu ya pansi ndi ya nyenyezi, tsiku lofuna kumasula mudzakafuna.

Za mu DB aitaneni wamagetsi wodziwa, zina zonsezi kukumba ndi kuika paipi mnyamata aliyense achita.

MwanaWaKuChipata

Ba Matero afotokoza bwino za magetsi koma ine ndikuti musanagule olo mita imodzi ya waya yesani kaye WiFi, chifukwa belu lingakhale ndi 24V yabwinobwino koma netiweki ikakhala kulibe ndi chokongoletsa chipilala chabe. Tengani foni, tulukani kunja, mutseke geti, zitseko ndi mawindo a nyumba zikhale zotseka monga zimakhalira usiku, muike foni pachipilala pomwe belu likhale, muzimitse data ya mufoni kuti isakunamizeni, ndiye muchite speed test. Muone upload osati download, chifukwa belu limatumiza vidiyo kupita kunja. Limafuna 2 Mbps kapena kuposa, yosadukaduka. Dziwaninso kuti limene muli nalolo limagwira 2.4GHz yokha, ndiye ngati rauta yanu ili ndi ma netiweki awiri muyese pa 2.4 osati pa 5.

Ndikuuzeni zoona, mamita 25, khoma la nyumba, ma burglar bar a pawindo, kenako chipilala cha mabuloko odzaza konkire ndi geti lachitsulo, ndikukayika. Ikakana pali njira ziwiri. Yoyamba ndi access point ya panja, kachipangizo kofalitsa WiFi, zilipo za TP-Link ndi Ubiquiti, imamangidwa pansi pa denga kuyang'ana kugeti nkulumikizidwa ku rauta ndi waya wa netiweki. Tima extender tobaya pa soketi tija ndi tamwayi, kena kamagwira kena kamangoonetsa ma bar odzaza koma vidiyo ikuima.

Yachiwiri ndi yomwe ine ndikanachita. Poti mukukumba kale ngalande, ikani waya wa netiweki wa Cat6 m'malo mwa waya wa belu, mugule belu la PoE, monga la Reolink. PoE ndiye kuti waya mmodzi yemweyo akunyamula magetsi ndi intaneti, mpaka mamita 100, palibe transifoma, palibe kudandaula za WiFi, mkati mwa nyumba mumangoika ka PoE injector kapena switch pafupi ndi rauta. Limalowa memori kadi mpaka 256GB ndiye mavidiyo amasungika momwemo osalipira mwezi ndi mwezi, ndipo m'bokosi mumabwera kale kolira m'nyumba kobaya pa soketi. Mabelu ngati lanuli anawapangira nyumba za ku America ndi ku UK zomwe khomo limayang'ana kumsewu ndipo rauta ili kuseri kwa chitseko chomwecho, za mpanda ndi geti sanaziganizire kwenikweni.

Ndikudziwa ndi mphatso ndipo kuuza mng'ono wanu kuti mwagulitsa nkovuta kkk. Ndiye olo mutsale ndi Ring yemweyo, mu paipi ija kokeranimo Cat6 wina wongokhala, wa panja wa kopa weniweni. Mawa mukasintha maganizo simukumbanso.

Malume_Chelstone

Amake Tiya, za kulipira mwamva zoona koma osati zonse. Ring ndi kampani ya Amazon, anaigula mu 2018, ndipo mavidiyo ake amasungidwa kwa iwo pa intaneti osati mubelu. Osalipira mumalandirabe uthenga munthu akadina, mumamuona nthawi yomweyo, mumalankhula naye. Chomwe simupeza ndi kubwerera m'mbuyo kuti ndione anabwera ndani 10 koloko ndili mu miting'i, chimenecho ndi cha subscription, ndipo imalipidwa ndi khadi ya kubanki mu ndalama zakunja, ndiye kwacha ikagwa mtengo kwa inu wakwera. Mwina ang'ono anu angamalipire konko, afunseni, poti anayambitsa ndi iwo.

Koma pali chinthu chomwe anyamata awa sanachigwire bwino ndipo kwa inu ndiye chachikulu. Mwati belu ndi la amayi. Amayi ali ndi foni ya WhatsApp? Chifukwa belu limenelo palokha m'nyumba simulira kanthu, kumalira foni yanu muli ku ofesi. Kuti m'nyumba mumveke pafunika kachipangizo kena kotchedwa Ring Chime kobaya pa soketi, kogula padera, kapena sipika ya Echo. Ndipo ngakhale kalire, amayi angomva kuti kugeti kuli munthu, kumuona ayi, kutsegula ayi. Ndiye ganizirani bwino, mukufuna inuyo muziyankha muli kuntchito nkuuza mtsikana kuti tsegula kapena usatsegule, kapena mukufuna amayi aziona okha? Ngati ndi chachiwiri, ma video intercom a Hikvision kapena Dahua okhala ndi sikirini ya pakhoma m'nyumba ndi omwe amayenera munthu wamkulu, batani limodzi kuyankha, lina kutsegula ngati geti lili ndi mota, ndipo sikirini imagwira olo bandulo itatha. Ine kwanga ndinaika yotero chifukwa cha apongozi anga, anaizolowera msanga, pano amafunsa mlendo dzina, kwawo ndi mfumu yake asanatsegule.

Za malaiti. Belu la waya mulibe batire loti nkukhalitsa, magetsi akapita nalo lapita, ndipo rauta ikazima ndi chimodzimodzi. Tonse tikukumbuka 2024, chilala chija madzi atatsika ku Kariba, madera ena kufika maola 21 patsiku opanda magetsi. Nthawi ngati imeneyo belu lopanda inveta likanagwira maola atatu, mwinanso pakati pa usiku pomwe palibe mlendo. Muli ndi inveta kapena sola pakhomo?

Lomaliza, bandulo. Ngati msewu wanu ndi wodutsa anthu ambiri kamera imadzuka pa aliyense, wa njinga, wa tomato, galu, minibasi, ndipo vidiyo iliyonse ikukwera pa intaneti. Mu app muli pojambula malire a pomwe iziyang'anira, mujambule kabwalo ka pageti pokha, msewu muusiye. Ndipo ngati intaneti yanu ndi ka MiFi komwe atate a Tiya amanyamula popita kuntchito, iwalani, belu lizikhala lakufa nthawi yeniyeni yomwe mukulifuna.

Amake_Tiya

Zikomo maningi nonse, ndaphunzira zambiri kuposa ma YouTube aja. Ba Matero laiti ija sindiigwira, ndamva kkkk. Malume, amayi ali ndi kafoni ka mabatani ndipo safuna ina, koma cholinga changa nkuti ndiziyankha ine kapena atate ake a Tiya, amayi angomva kuti kwabwera munthu asadzidzimuke geti likamatsegulidwa, ndiye Chime ija ndiwauza atumize. Rauta ndi yokhazikika, ya SIM kadi, sichoka panyumba. Inveta ilipo yaing'ono ya batire limodzi, imayatsa TV, rauta ndi malaiti a m'nyumba, inalumikizidwa ku DB mbali ina. WiFi ndayesa monga mwanenera ba Chipata, geti lotsegula ikufika pang'ono, nditatseka nkuika foni pachipilala yatsala bar imodzi ndipo speed test yakana kuyamba nkomwe. Ndiye mwapambana. Koma kugula belu lina pano ayi, mwezi uno kuli sukulu fizi. Funso, transifoma ingakhale pa inveta osavuta? Ndipo nyumba ndi ya lendi, ndinaiwala kunena.

Wamagetsi_Matero

Ingakhale, ndipo ndi pomwe iyenera kukhala. Muuzeni wamagetsi aitengere ku mbali ya DB yomwe imadyetsedwa ndi inveta, pa breaker yaing'ono. Belu limadya mawati ochepa kwambiri, batire lanu silizindikira nkomwe kuti pawonjezeka kanthu. Chofunika kuona ndi mtundu wa inveta, pa sitika yake alemba pure sine wave kapena modified sine wave. Ikakhala pure palibe nkhani. Ikakhala modified transifoma imalira ng'ung'ung'u ndi kutentha kuposa masiku onse, apo bwino mutenge adaputa ija ya 24V DC, wamagetsi alumikize waya wake ndi wanu wautali mu kabokosi kotseka bwino m'nyumba. Access point nayonso ikhale pa soketi ya inveta, apo ayi belu liziyaka koma lopanda netiweki. Ndipo ngati mu DB mulibe surge protector muikepo, magetsi pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali, timazipangizo tating'ono ngati iti ndi toyamba kufa.

Ba Chipata PoE yanu ndi yabwino sindikukana, koma muziuzanso anthu za mphezi. Cat6 wochoka pageti kulowa mpaka mu switch, mvula ya Disembala ikagunda pafupi, mphamvu imatha kuyenda mu waya womwewo nkukapha switch ndi rauta limodzi. Ndakonzapo nyumba zingapo zotero. Waya wa transifoma nawonso ungatenge, koma chomwe chimafa kawirikawiri ndi transifoma yotchipa osati intaneti ya nyumba yonse.

MwanaWaKuChipata

Zoona akulu, ndi chifukwa pali ma surge protector a waya wa netiweki, kamodzi polowera m'nyumba kolumikizidwa ku earth yabwino, ndipo waya akhale pansi pa dothi osati kumangirira pamwamba pa mpanda pafupi ndi electric fence monga ena amachitira. Pamenepo sitikutsutsana. Chinanso kwa amene akuwerenga nkuganiza za PoE, tima mini UPS ta rauta tija tolembedwa PoE tambiri timatulutsa 15V kapena 24V, pomwe belu la PoE limafuna ija ya 802.3af ya 48V, ndiye osangobaya poti dzina ndi limodzi, werengani kaye.

Amake Tiya poti mwatsala ndi Ring, access point ya panja ndiye yankho. Isakhale kumbuyo kwa thanki kapena mtengo wa mango, iziona chipilala. Mukamaliza lowani mu app pa Device Health muone nambala ya RSSI yosonyeza mphamvu ya WiFi, ili ndi minus kutsogolo, ikakhala cha m'ma -50 mpaka -60 muli bwino, ikafika -70 vidiyo iyamba kuima ndipo munthu adzakhala atachoka foni isanalire. Ndipo kulumikiza belu ku app koyamba chitirani m'nyumba pafupi ndi rauta, wamagetsi angolipatsa magetsi a pa transifoma ndi kachidutswa ka waya patebulo, mukasikana QR code yake, lichite update yake, kenako mukamange kunja. Kuchitira pageti dzuwa likuswa mtengo, foni ikukana, wamagetsi akuyang'ana wotchi, mudzakangana chabe.

Anti_wa_Libala

Ine za ma volti sindizidziwa, ndingonena za anthu. Poti ndi ya lendi yambani ndi alandilodi, muwalembere meseji kuti yankho likhale lolembedwa, munene kuti mukumba kangalande ndi kubowola chipilala ndipo pochoka mudzatenga belu nkusiya paipi ndi waya. Ambiri savuta akamva kuti chinachake chitsala, koma akangopeza paving yazulidwa osawauza ndiye nkhani ya deposit yayamba.

Mtsikana wantchito muuzeni poyera kuti belu limajambula ndipo limamva mawu. Osamutchera ngati msampha, akadzazindikira yekha chikhulupiriro chatha, ndipo ndi munthu yemwe mukumusiyira amayi anu. Anebanso, ngati kamera ikuloza geti lawo auzeni, mu app muli potchinga mbali ina kuti isaoneke. Wa kutsidya kwa msewu safuna kuti inu muzidziwa amene amalowa kwake ndi nthawi yomwe amatuluka, mukundimva eti. Ndipo chizolowezi ichi choti munthu wangoima pageti kufunsa njira, mawa nkhope yake ili pa Facebook ati wakuba chenjerani, ine chimandinyansa, anthu amamenyedwa chifukwa cha zotere. Tilinso ndi lamulo la Data Protection Act la 2021, zithunzi za anthu si zongomwaza. Mukaona zokayikitsa pitani nazo kupolisi.

Konzekeraninso ana a sukulu, masiku oyamba azidina nkuthawa, ena kuvina pa kamera. Kwathu ndinangowayankha pa sipika kuti ndakuona ndipo amako ndimawadziwa, zinatha. Za kuba, belu la panja pa mpanda munthu wofunitsitsa amalizula, ena amawotcherera kakhola kachitsulo mozungulira, koma muuze wowotcherera asatseke kutsogolo kwa kamera ndi maikolofoni. Akaunti mutsegule pa imelo yanu inuyo osati ya wamagetsi kapena ya mnyamata wokuthandizani, atate a Tiya muwaonjezere ngati wogawana naye, pasiwedi ya WiFi musinthe ntchito ikatha.

Amake_Tiya

Anti mwanena zenizeni, alandilodi ndawalembera ndipo avomera, angoti paving ibwerere mwakale. Mtsikana ndakamba naye, iye wakondwa ati atsikana anzake asiya kumamuitanira kugeti nthawi yantchito kkkk. Inveta ndaona alemba pure sine wave. Ndiye ndigula transifoma ya 24V, waya wa 1.5mm, paipi, access point, ndipo Cat6 wongokhala uja ndiikamo ba Chipata musadandaule. Kafunso komaliza, zipilala zilipo ziwiri, china chili mbali yomwe geti limathawira likamatseguka, china chili pa kageti kakang'ono ka anthu oyenda pansi. Geti layang'ana kumadzulo, masana dzuwa limamenya pomwepo. Ndiike pati?

Wamagetsi_Matero

Pa kageti kakang'ono, mbali ya chogwirira, ndi pomwe munthu amaima. Kumadzulo ndi kovutirapo, kuyambira cha m'ma 3 koloko dzuwa limakhala kumbuyo kwa mlendo ndiye nkhope imada, ndipo Okutobala chipilala chimatentha moti belu limatha kudzizimitsa kuti lizizire. Muike kadenga kakang'ono pamwamba, ka pulasitiki kapena ka fibre kali bwino kuposa ka lata chifukwa cha WiFi, katuluke masentimita 10 kapena 15, kakatalika kwambiri usiku infrared imagunda pamenepo nkubwerera mu kamera chithunzi chonse mbuu. Chimodzimodzi ngati pali khoma loyera pafupi m'mbali mwake. Pali tima wedge topendeketsa belu, kalipendeketse pang'ono kuyang'ana pomwe munthu amaima osati kumsewu, zithandizanso bandulo ija amanena amalume. Musanabowole ligwirizeni kaye ndi tepi, muyang'ane pafoni madzulo dzuwa likupendeka ndi usiku laiti ya pageti itayaka, pomwe paoneke bwino ndi pomwe mubowole. Ngati laitiyo ili pamwamba pa chipilala chomwecho muone kuti isawalire mu kamera, ikatero sinthani babu muike ya mawati ochepa.